Paipi ya Dakota Access ndi miyala ya ku Cannonball: anayenda malo amodzi koma malipoti anatuluka awiri

Nkhani ya paipi ya mafuta ya Dakota Access ku America ambiri tinaionera pa Facebook mu 2016, agalu akuluma anthu, apolisi akuthira anthu madzi usiku kunja kukuzizira mpaka madziwo kuumira pa zovala, koma kwa ife amene timadyera ntchito yoyenda m'tchire ndi GPS ndi kabuku m'manja kuona ngati pamalo pali manda, zakale kapena popempherera mabuludoza asanalowe, zinthu zinali zitapotoka kale agaluwo asanafike, pomwe anajambula malire oti kafukufuku ayambire apa athere apa. Nde lipoti ili ndi la mbali imeneyo, kafukufuku wa zakale ndi wa mmene eni nthaka amagwiritsira ntchito malo awo. Za ndale ndi zionetsero ndingozikhudza pomwe zikufunika.

Malo ake

Paipiyi ndi ya kampani ya Energy Transfer, yotalika makilomita pafupifupi 1,886, imachoka ku zitsime za mafuta za Bakken ku North Dakota, kudutsa South Dakota ndi Iowa mpaka ku Patoka ku Illinois, ndipo inadya madola cha m'ma 3.8 biliyoni. Pomwe panavuta ndi powoloka mtsinje wa Missouri pansi pa nyanja ya Oahe, osakwana ndi kilomita imodzi yomwe kumtunda kwa malire a dera la mtundu wa Standing Rock Sioux, anthu a Lakota ndi Dakota. Poyamba panali ganizo loti iwolokere kumpoto kwa mzinda wa Bismarck, komwe ambiri okhalako ndi azungu, koma njira imeneyo inasiyidwa ndipo chimodzi mwa zifukwa zomwe zinalembedwa chinali kuyandikira malo otungako madzi a anthu.

Oahe si nyanja yachilengedwe ayi. Ndi damu lomwe inamanga US Army Corps of Engineers, nthambi ya asilikali yoona za mitsinje ndi madamu, ntchito inayamba mu 1948 n'kutsegulira mu 1962, ndipo madzi ake anamiza maekala pafupifupi 56,000 a Standing Rock, malo a m'mbali mwa mtsinje komwe kunali mitengo, nkhuni, zipatso zam'tchire ndi mankhwala. Nde muganize, bungwe lomwelo lomwe linamiza midzi ya agogo awo ndi lomwe likubwera ndi kalata yoti tiyeni tikambirane za paipi. Komanso malo a kumpoto kwa mtsinje wa Cannonball, pomwe paipi ikudutsa, pa pangano la Fort Laramie la 1851 anali m'dera la a Sioux, koma lero pa pepala ena ndi mafamu a ng'ombe a anthu wamba, ena ndi a Corps. Apa ndi pomwe ambiri a ntchito yathu amagwera, amayang'ana amene ali ndi pepala la malo n'kuiwala kuti manda ndi popempherera sizinasamuke tsiku lomwe malire anasunthidwa.

Lamulo ndi kachibowo kake

Ku America kuli lamulo la National Historic Preservation Act la 1966, ndipo ndime yake ya Section 106 imati nthambi iliyonse ya boma lalikulu isanapereke chilolezo iyenera kuona kaye ngati ntchitoyo iononge malo a mbiri. Mu 1990 kunatuluka malangizo otchedwa Bulletin 38 ovomereza kuti malo akhoza kukhala ofunika chifukwa cha chikhalidwe cha anthu amoyo ngakhale pasakhale chomangidwa chilichonse, kenako mu 1992 lamulo linakonzedwa kuti mitundu ya eni nthaka izifunsidwa komanso izikhala ndi ofesala wawowawo wa zakale, amamutcha THPO. Pa pepala ndi lamulo labwino ndithu.

Koma paipi ya mafuta ilibe nthambi imodzi ya boma lalikulu yovomereza njira yonse, n'zosiyana ndi ya gasi. Pafupifupi 99 peresenti ya Dakota Access ikudutsa m'malo a anthu wamba, nde Corps inati ife mphamvu zathu zili pomwe paipi ikukhudza madzi ndi malo athu basi. Anagwiritsa ntchito chilolezo chotchedwa Nationwide Permit 12, chomwe chimatenga powolokera mtsinje kapena dambo paliponse ngati kapulojekiti kapakokha, nde paipi imodzi ija inasanduka tizidutswa topitirira 200, kalikonse kakang'ono, kalikonse kooneka kuti sikangaononge kanthu. Malo omwe kafukufuku amayenera kuona, omwe pa ntchito timati APE, anangokhala timabwalo tozungulira powolokerapo. Bungwe la Advisory Council on Historic Preservation, lomwe ndi loyang'anira Section 106 yomweyo, linalembera Corps mu 2016 kutsutsa kayezedwe kameneka, koma Corps inali ndi malamulo akeake otchedwa Appendix C ndipo inatsatira amenewo. Pa 25 Julayi 2016 inatulutsa lipoti lake lalifupi la zachilengedwe n'kunena kuti palibe choopsa chachikulu, patatha masiku awiri mtundu wa Standing Rock unakasuma kukhoti.

Zomwe kampani inachita, ndipo tisaname, inachita

Anthu ena amakamba ngati kunalibe kafukufuku, zimenezo n'zabodza. Kampani inalemba akatswiri a zofukulafukula a mapepala awo, anayenda kanjira kotambalala mamita pafupifupi 120, ndipo ku North Dakota pafupifupi njira yonse inayendedwa wapansi. Chigamulo cha jaji James Boasberg, amene anamva mlanduwo, chikuti ku North Dakota anapeza malo 149 oti mwina ndi ofunika, 91 mwa amenewo anali a miyala, ndipo njira inakhotetsedwa maulendo 140 mpaka malo a miyala onsewo analambalalidwa. Kwa munthu wa ntchito yathu manambala amenewa si masewera, pali mapulojekiti ambiri omwe injiniya sangakusunthire paipi ngakhale mita imodzi.

Koma taonani mmene kuyenda kotere kumakhalira. Mumaima pamzere motalikirana mamita 15 kapena chapompo, aliyense maso pansi, wina ali ndi GPS, mukuyenda molunjika kufuna tizidutswa ta miyala yosema, mapale, makala, fupa, ndipo tsikulo muli ndi makilomita oti mumalize chifukwa amene akulipira akuwerenga masiku. Ukapeza miyala yoyalidwa mozungulira umaijambula, kuyeza kukula kwake, kulemba pa fomu, ndipo kudera limenelo ambiri amailemba kuti ndi miyala yomwe inkapsinja zikopa za tipi, matenti awo aja. Udzu ukakhala wautali kapena miyalayo italowa pansi theka umaiponda osadziwa n'komwe. Ndipo ngakhale uione, fomu imakufunsa ngati malowa angatiphunzitse kanthu za kale, sikufunsa ngati kuli banja lomwe mpaka lero limadziwa kuti apa agogo ankasala kudya n'kumapemphera. Mkulu wa a Lakota akayenda pomwepo saona miyala khumi yosiyana, amaona chinthu chimodzi, mulu uwu ukugwirizana ndi bwalo lija ndi phiri lilo. Nde ukalambalala bwalo limodzi ndi mamita 30 n'kudutsa pakati pa mabwalo awiri, pa mapu wapambana koma kwa eni ake wadula chinthu pakati.

Za kufunsana nazo ndi ziwiri. Corps imati inakumana kapena kulumikizana ndi mitundu 55 maulendo 389, ndipo jaji anakhutira kuti anayesetsa, kuti a Standing Rock misonkhano ina sanabwere, makalata ena sanayankhe mu nthawi yake, ndipo atapatsidwa mwayi woyenda okha timalo tomwe Corps inasankha anakana pomwe mitundu ina inavomera. A Standing Rock akuti pa 30 Sepitembala 2014 anauza kale akuluakulu a kampani pamaso, pamsonkhano wa khonsolo yawo Dave Archambault II ali wapampando, kuti paipiyi sakuifuna pamenepo ndipo pali malo opatulika, ndipo chomwe ankakana ndi kuyendera tizidutswa chifukwa kukangotero dzina lawo lilowa mu lipoti ngati avomereza. Ine apa ndimawamvetsa. Ofesi ya THPO nthawi zambiri ndi anthu owerengeka, makalata a mapulojekiti akungogwa ndi masiku 30 oti uyankhe, ndipo kalata iliyonse yomwe inatumizidwa, foni iliyonse yomwe inaimbidwa, imawerengedwa pa mndandanda wa kufunsana. Maulendo 389 akukuuza kuti anthu anali kalikiliki, sakukuuza ngati panali tsiku limodzi lomwe funso linali loti kodi paipiyi idutse kuno kapena ayi. Pofika nthawi yofunsayo njira inali itajambulidwa kale.

Masiku asanu a ku Cannonball Ranch

Chakumapeto kwa Ogasiti 2016 mwini famu ya Cannonball Ranch analola Tim Mentz Sr. kulowa m'malo mwake. Mentz ndi amene anali THPO woyamba wa Standing Rock kuyambira 1996, munthu woti miyala imeneyi waiyendera moyo wake wonse. Iye ndi gulu lake anayenda m'mbali mwa njira ya paipi kumadzulo kwa msewu wa Highway 1806, mtunda wa makilomita atatu okha, n'kulemba malo a miyala 82 ndi manda osachepera 27, ena m'mphepete ena mkati mwenimweni mwa njirayo. Chimodzi mwa zomwe anapeza ndi miyala yoyalidwa mofanizira gulu la nyenyezi lija azungu amati Big Dipper, chinthu chomwe iye anati ndi chosowa kwambiri ndipo chimakhudzana ndi atsogoleri akuluakulu. Malo omwewa akatswiri a kampani anali atayendamo kale.

Lachisanu pa 2 Sepitembala maloya a mtundu anapereka umboni wa Mentz kukhoti, wofotokoza pomwe zinthuzi zili. Loweruka pa 3 Sepitembala, wikendi ya holide ya Labor Day, mabuludoza anafika pamalo omwewo n'kupala dothi lapamwamba kanjira kotambalala mamita pafupifupi 45. Anthu omwe anali ku misasa ya zionetsero chapafupi anathamangira, kudumpha waya, n'kukumana ndi alonda olembedwa ganyu ali ndi agalu ndi utsi wa tsabola, ndipo kamera ya mtolankhani Amy Goodman wa pulogalamu ya nkhani ya Democracy Now inalipo, zithunzi zija munaziona zinachokera pamenepo. Mtundu unati makina analumpha malo ena omwe anali asanakonzedwe kuti adzafike apa khoti lisanayankhule, kampani inati ntchitoyo inali pa ndondomeko kale, ikutsatira paipi ya gasi ya Northern Border yomwe inakumbidwa mu 1982 choncho nthaka inali yosokonezedwa kale, ndipo sinaononge kanthu.

Pa 21 Sepitembala akatswiri a State Historical Society of North Dakota, ofesi ya boma la North Dakota yoona za zakale, anakayenda pamalopo n'kulemba kuti sanapeze mafupa a munthu kapena malo ofunika mkati mwa njirayo, anangoona mafupa a nyama. Lipoti limenelo kampani inaligwira ndi manja awiri. Koma aliyense wa ntchitoyi akudziwa kuti zinthu zomwe Mentz ankakamba n'zapamwamba, miyala yoyalidwa pa nthaka, milu ya miyala yosonyeza pomwe panagonekedwa munthu, si dzenje lakuya loti ukumbe upeze bokosi. Buludoza ikadutsa miyalayo imakakhala mu mulu wa dothi pambali, kayalidwe kake komwe kanali umboni wonse kapita, madzi akatayika saoleka. Nde kuyenda pambuyo pa makina n'kunena kuti sitinapeze kanthu n'zoona ndithu, koma sizikuyankha funso la zomwe zinalipo Lachisanu lija.

Chomwe chimandiwawa pa masiku amenewa ndi chakuti anthu anaulula. Mitundu yambiri malo otere saonetsa mlendo, ngakhale pakati pawo si aliyense amadziwa. Kwathu kuno mfumu singakulozere pomwe pali dambwe chifukwa choti wabwera ndi kalata ya pulojekiti ndi chipewa cholimba, ingokuuza kuti nkhalango iyo musaikhudze, ndipo wanzeru amalemba zomwezo osafunsa zambiri. Lamulo la ku America lomwelo lili ndi Section 304 yololeza kubisa pomwe malo opatulika ali, koma kukhoti jaji amafuna umulozere kuti choonongekacho ndi ichi, chili apa. Akhala chete, akuti mulibe umboni. Ayankhula, m'mawa mwake makina ali pomwepo. Mkulu aliyense wa mtundu wina amene anaona zimenezi, kaya ku Canada kaya ku Australia, ukapita kwa iye ndi mapu lero akuyang'ana kawiri asanatsegule pakamwa, ndipo sindingamunene.

Khoti

Pa 6 Sepitembala jaji Boasberg anaimitsa ntchito kwa kanthawi koma kuyambira pa Highway 1806 kupita kummawa kokha, kumadzulo komwe Mentz anayenda sikunalowe chifukwa kumeneko Corps ilibe mphamvu. Pa 9 Sepitembala anakana pempho la mtundu loimitsa paipi, nati pa Section 106 Corps ikuoneka kuti inatsatira lamulo, koma tsiku lomwelo boma la Obama linalengeza kuti pansi pa Oahe ntchito idikire kaye. Pa 4 Disembala 2016 akuluakulu a asilikali oyang'anira Corps anakana kupereka chilolezo chowolokera, mu Januwale 2017 Trump atangolowa anasaina kalata yoti zifulumire, chilolezo chinatuluka pa 8 Febuluwale, misasa inachotsedwa mwezi womwewo, pa 1 Juni 2017 mafuta anayamba kuyenda.

Chapakati pamenepo, pa 17 Okutobala 2016, ogwira ntchito anapeza milu inayi ya miyala ndi zinthu zina zakale pa njira ya paipi, njira yomwe pa pepala inali yoyendedwa kale. Anauza ofesi ya zakale ya North Dakota n'kukhotetsa paipi, koma bungwe la Public Service Commission lomwe linawapatsa chilolezo analiuza patapita masiku 10. Panakambidwa za chindapusa cha madola 15,000, pa pulojekiti ya mabiliyoni eti, ndipo pamapeto pake mu 2017 anagwirizana popanda chindapusacho, kampani inalonjeza kudzala mitengo ndi kulemba buku la malangizo a zoyenera kuchita ukapeza zakale mwadzidzidzi.

Pomwe mtundu unapambana si pa manda koma pa lamulo la zachilengedwe. Pa 14 Juni 2017 jaji yemweyo anati lipoti la Corps silinaone bwino zomwe mafuta atatayika angachite ku ufulu wosodza ndi kusaka womwe mtundu uli nawo pa mapangano, ndipo apa pali kanthu kena koti muone. Poyeza ngati paipi ikupsinja anthu osauka kapena eni nthaka, Corps inajambula bwalo la theka la mailo kuzungulira powolokera, pomwe malire a Standing Rock ali pa mailo 0.55, kungotsala mamita pafupifupi 80 kunja kwa bwalolo, nde anthu omwe amamwa madzi kumunsi kwa paipi sanawerengedwe. Nkhani ya malire a kafukufuku yomwe ija. Ndipo kusodza, kusaka, kuthyola mankhwala m'mbali mwa mtsinje ndi zinthu zomwe kafukufuku wa mmene anthu amagwiritsira ntchito malo akanazitulutsa pa tsiku loyamba, ukakhala pansi ndi asodzi ndi amayi odziwa zitsamba, mapu ali pa tebulo, iwo akujambula okha kuti timapita uku nyengo yakuti.

Zomwe ine ndimaumirira pa kontrakiti

Sindisaina ntchito yomwe njira kapena malo anatsekedwa kale ndipo ine akungondifuna kuti ndidzadinde. Kafukufuku wa eni malo ndimamufuna ndi bajeti yakeyake, osati kam'ndime kamodzi m'lipoti la ofukula, ndipo oyenda nafe asankhidwe ndi eni ake, amayi payekha abambo payekha ngati mwambo ukutero. Malire a kafukufuku ndimakangana nawo tisanakwere galimoto, chifukwa ukangowavomera zonse zotsatira uziona ndi diso limodzi, ndipo ngati pali madzi malirewo atsike ndi mtsinje mpaka komwe anthu akumwa. Malo obisika sindilemba nambala za GPS mu lipoti lopita kwa kasitomala, ndimajambula dera lalikulu loti musalowe umu, mapu enieni amatsala kwa eni ake. Nyengo nayo, kuyenda udzu uli m'chiuno ndi kuba ndalama chabe. Ndipo ndime yoimitsa ntchito isamadikire fupa, munthu wodziwika wa m'deralo akati apa pali kanthu makina azime mpaka tikaone tonse limodzi, zikanatero ku Cannonball kukanakhala kuchedwa kwa masabata ochepa pa makilomita atatu mwa 1,886.

Pali china chomwe sitikonda kuchikamba, amene amatilipira ndi yemweyo amene akufuna lipoti linene kuti palibe vuto. Mu Malichi 2020 Boasberg analamula kafukufuku wamkulu wa zachilengedwe, mu Julayi analamula kuti paipi itsekedwe, khoti la apilo linaletsa kutsekako koma mu Januwale 2021 linavomereza kuti chilolezo chowolokera Oahe ndi chofafanizidwa ndipo kafukufuku wamkuluyo achitike, mu Febuluwale 2022 Supreme Court inakana kumva apilo ya kampani. Mafuta sanasiye kuyenda nthawi yonseyi. Mu Januwale 2022 a Standing Rock anatuluka m'gulu lothandizira kulemba kafukufukuyo, akudandaula kuti zina zokhudza kutayika kwa mafuta sakuonetsedwa komanso kuti kampani yomwe inalembedwa kumukonza, ERM, ndi membala wa American Petroleum Institute, bungwe la makampani a mafuta lomwe linaikira paipiyi kumbuyo kukhoti. Lipoti loyamba la kafukufukuyo linatuluka mu Sepitembala 2023, patapita zaka 6 paipi ikugwira ntchito, ndipo maso ake ali pa chilolezo cha powolokera Oahe pompaja.